Timatabwa ta Che Assane

Che Assane anamwalira Lachiwiri, ndipo pofika Lachisanu mabuku anali atayamba kubwerera. Woyamba kufika anali mayi wina wa ku Assumane. Anatulutsa buku m'chitenje, kuliika patebulo langa, n'kunena kuti, "Ili ndi la madala aja," basi n'kumapita, osadikira kuti ndimufunse dzina. Nditalitembenuza ndinaona mtanda wofiira pachikuto, wolemba ine ndemwe zaka ziwiri zapitazo. Mtanda umenewo unkatanthauza kuti bukulo latha ntchito, lichotsedwe pashelefu ndi kutenthedwa. Malinga ndi mapepala athu, buku limeneli linabedwa lisanafike pamoto n'kugulitsidwa kumsika, ndipo wakuba wake tinamutchula dzina.

Ndikulemba izi sadaka yawo ya masiku makumi anayi isanafike, chifukwa nkhani ya munthu ameneyu ikuyenda mitundu iwiri muno mu Lichinga. Ena akuti inali nkhalamba yakuba imene inagwidwa mochedwa. Ena, makamaka chiyambire sabata ija, ayamba kuwasandutsa mngelo. Onsewo sanakhale nawo chipinda chimodzi kwa miyezi isanu ndi itatu monga ndinachitira ine. Ine ndi amene ndinawanena zakuba pamaso pa anthu, ndipo kiyi amene iwo anamusunga zaka zoposa makumi atatu ali m'chikwama changa pamene ndikulemba pano.

Bibliyoteka yathu, malo obwereketsa mabuku, ndi chipinda chimodzi chachitali ku Chiuaula, cha bungwe la aphunzitsi opuma ntchito. Che Assane analowamo ngati mlonda ndi wosesa. Sukulu ya boma sanaiponde, anangophunzira kumadarasa, ndipo Chipwitikizi cholemba anachitola m'mabuku omwewo, chala pamzere, milomo ikugwedera. Oyang'anira ophunzira ankabwera n'kumapita, wina wasamutsidwa, wina wapeza ntchito yabwino, mpaka anthu anangozindikira kuti mlonda uja ndiye akubwereketsa mabuku. Palibe anawalembera kalata yowakweza. Palibenso analimba mtima kuwauza kuti si ntchito yawo.

Munthu wokayikira anzake ngati uja sindinamuonepo. Ukalowa, moni unkabwera pambuyo, choyamba ankati uonetse manja. Akaona mafuta a mandasi ankakulozera chidebe cha madzi pakhomo, kaya ndiwe mwana wa sukulu kaya mphunzitsi wa imvi. Buku likabwerera ankalinunkhiza n'kukuuza kumene lachokera: ili linali kukhitchini, ili pafupi ndi botolo la palafini, ili mwalinyamulira limodzi ndi usipa. Kenako ankawerenga masamba a zithunzi limodzilimodzi, pakuti ankati anthu saba mawu, amaba zithunzi. Potuluka ankapisa m'chikwama cha aliyense. Anapisapo m'chikwama cha shehe wa kumzikiti kwawo komwe, ndipo shehe atadandaula anamuyankha kuti amene sapisidwa ndi Mulungu yekha, poti sabwera ndi chikwama.

Buku silinkatuluka pakhomo usanayankhe funso limodzi: "Likagona pati?" Ukati patebulo, ankafunsa ngati denga likudontha. Ukati m'bokosi, ankafunsa za makoswe. Ukayankha msangamsanga ankati wakonzeratu bodza, ukachedwa ankati ukulikonza kumene.

Makadi a obwereka analipo m'kabati, koma iwo sankawakhulupirira, ankati pepala limamvera aliyense amene wagwira cholembera. Anali ndi njira yawoyawo. Ankatola zidutswa za paini kwa ocheka matabwa n'kuzisema kuti zifanane ndi msana wa buku. Buku likatuluka, ankalemba dzina la wobwereka pakathabwa ndi pensulo, n'kukaimika pamalo pa bukulo. Likabwerera, ankapala dzinalo mopepuka ndi kampeni kawo, kathabwa n'kuyeranso. Motero aliyense wolowa ankatha kuwerenga pashelefu kuti uje akusunga buku la eni kuyambira nyengo ya mvula. Anthu ankabweza msanga, osati poopa lamulo koma manyazi.

Ine ndinafika m'nyengo yozizira, chifunga chikuchedwa kuchoka m'mitengo ya paini. Ndinali nditaphunzira kasamalidwe ka mabuku, ndipo bungwe linandilemba ntchito imodzi yokha, yopatula mabuku otha ntchito. Chifukwa chinalipo. Makatoni a mabuku atsopano, ambiri a ana, anali atatha chaka chathunthu pakhonde pa a Diretori, mkulu wa bungwelo, poti pamashelefu panalibe polowetsa ngakhale chala. Lamulo linali lakuti buku limene latha zaka khumi osabwerekedwa lichoke, lodyedwa ndi chiswe kapena chuku lichoke, lophunzitsa zinthu zimene zinasintha lichokenso. Ochotsedwawo ankayenera kutenthedwa pamaso pa mboni, kuti pepala la chidindo cha bungwe lisakapezeke likukulunga nsomba kumsika.

Ndinene mosabisa, ndipo mpaka lero sindinasinthe maganizo: zambiri zimene zinali pamashelefu aja zinali zinyalala. Munali mapu otchula tauni yathu dzina la atsamunda, mabuku a malamulo amene anathetsedwa ine ndisanabadwe, ndi buku lonenepa lophunzitsa kutumiza telegalamu. Ena ukawatsegula, chiswe chinali chitalambula misewu kuyambira tsamba loyamba mpaka lomaliza. Ena chuku chinali chitawadya n'kuyamba kulowerera kwa oyandikana nawo. Ndinkayetsemula tsiku lonse.

Tsiku loyamba anandipisa m'chikwama ngati wina aliyense, napezamo lista yanga ndi cholembera chofiira.

"Dona, lista imeneyi walemba ndani?"

"Ndi malamulo a ntchito, Baba. Kulikonse amatero."

"Sindinafunse kulikonse ine. Ndafunsa munthu. Anafikapo muno?"

"Ayi."

"Entau, ndiye kuti sanawaone mabukuwa, koma akudziwa kuti afa. Iii, ameneyo ndiye dotolo wamkulu."

Kuyambira tsiku limenelo dzina langa linali Dona Lista, ndipo ana a sukulu ena amanditchulabe choncho osadziwa kumene linachokera.

Chimene chinawapanga otero ndinachimva pang'onopang'ono. Sankandiuza chifukwa chondikonda, ankafuna ndichite manyazi. Anaona mabuku akuchotsedwa m'chipinda chomwecho kawiri ine ndisanabwere. Koyamba atsamunda atangochoka, kunabwera anthu ndi lista, ndipo iwo monga mlonda ndi amene anauzidwa kukoleza moto kuseri. Patapita zaka, zinthu zitasinthanso, kunabwera lista ina yochotsa mabuku amene anthu oyamba aja anabweretsa, ndipo anakolezanso moto pamalo omwewo. Chimene sanachiiwale n'chakuti tsiku lina kunafika bwana wa tayi kuchokera kumzinda waukulu, kufunafuna mabuku amene anapsa pamoto woyamba, n'kuwakalipira iwo, mlonda, kuti anthu a kuno sadziwa kusunga zinthu. Ankati wolemba lista sagwira machesi, ndipo ikafika nthawi yofunsana, amene amafunsidwa ndi wamachesi.

Nkhaniyo inandikhudza, koma siinandiletse kulemba mitanda. Mwana amene akufuna buku la zithunzi lero sangadikire bwana wa tayi amene mwina adzabwera zaka makumi awiri zikubwerazi. Ndinawauza choncho, iwo n'kundiyankha kuti onse a malista amayankhula bwino.

Kamodzi kokha ndi pamene anandigonjera. Ndinapeza mtsikana wophunzira unamwino akukopera mlingo wa mankhwala a malungo m'buku lakalekale, mankhwala amene zipatala zinasiya kupereka. Ndinamulanda bukulo n'kupita nalo kwa Che Assane nditapsa mtima, kuwafunsa ngati akufuna maliro atuluke m'bibliyoteka. Anamufunsa mtsikanayo, osati ine, ngati n'zoona kuti mankhwalawo anasiyidwa. Mtsikanayo atati inde, aphunzitsi ake anatchulapo, madalawo anatenga bukulo ndi dzanja lawo n'kuliponya m'thumba la otenthedwa. Sanandiyankhule masiku awiri, ngati kuti mankhwalawo ndinawasintha ndine.

Chinyengo chawo choyamba ndinachigwira mwezi wachitatu. Kumapeto kwa buku lililonse kunali kapepala kodindapo tsiku lobwezera, ndipo ine ndinkadalira kapepala kameneko kudziwa ngati buku latha zaka khumi osatuluka. Ndinayamba kudabwa. Mabuku amene masamba ake anali omatirirana, oti munthu sanawatsegulepo chibadwire, anali ndi madeti osonyeza kuti anabwerekedwa zaka zinayi kapena zisanu zapitazo. Buku la telegalamu lija linali litabwerekedwa katatu. Ndinayang'anitsitsa, ndipo ndinaseka ndekha. Madalawo ankabweza kumbuyo manambala a chidindo, izo anachita bwino, koma inki inali yofiirira ngati maluwa a jakaranda. Inki ya mtundu umenewo ndinabwera nayo ndine. Kale lonse m'chipindamo munkadindidwa ndi yakuda.

"Baba, buku ili analibwereka ndani zaka zisanu zapitazo?"

"Munthu."

"Ndi inki imene ndagula ine chaka chino?"

Analitenga, kuliyandikitsa kumaso, kulibweza. Manyazi analibe ngakhale pang'ono.

"Kwali, kaya. Mwina inki ya masiku ano imayenda."

Tsiku lotsatira ndinapeza atagula kabotolo ka inki yakuda. Chidindo ndinayamba kuchitsekera m'dirowa, ndipo nkhaniyi sindinaiuze a Diretori. Ndikunena zimenezi kuti amene akuti ndinkawada kuyambira pachiyambi adziwe. Koma kuchokera tsikulo ndinasiya kuwakhulupirira pa chilichonse, ndipo iwo anazindikira. Tinkagwira ntchito mwaulemu, moni m'mawa, moni madzulo, aliyense akuyang'ana manja a mnzake.

Kenako matumba anayamba kupepuka. Mabuku a mtanda wofiira ndinkawalonga m'matumba a chimanga, kumanga pakamwa, n'kuwaika pakona podikira tsiku la moto. Ndinkamanga thumba lodzaza Lachisanu, kulipeza Lolemba lili ndi khosi. Mfundo inali yomangidwa bwino kuposa mmene ndimamangira ine. Nditawafunsa anati mabuku akale amakhazikika okha ngati mbatatesi m'thumba. Nditakhuthula n'kufananiza ndi lista, ndinapeza ena palibe. Kiyi wa chipindacho anali mmodzi, ndipo ankagona m'thumba la mkanjo wawo.

Apa sindikanathanso kubisa, pakuti lista inali ndi siginecha yanga. A Diretori anawaitana, kuwafunsa mwaulemu, iwo n'kungoti sanagulitse kanthu. Sananene kuti sanatenge. A Diretori anati ngati pepala limodzi lokha la bungwe lidzapezeke kumsika, kiyi adzabwezedwe tsiku lomwelo. Che Assane anavomera mosavuta, mpaka ndinadabwa. Analumbira kuti, "Wallahi, silidzapezeka."

Linapezeka, ndipo ndinalipeza ndine. Linali Loweruka masana. Ndinagula mtedza wokazinga kwa mayi wina pafupi ndi pokwerera mashapa, maminibasi a kuno, ndipo ndikudya ndinaona chithunzi cha ngala ya tirigu papepala lokulungiralo. Nditalitambasula, pakona panali chidindo chathu. Ndinalidziwa bukulo. Linali lophunzitsa ulimi wa tirigu kumapiri kuno, la nthawi ya atsamunda, lotchula mbewu zimene palibe angazipeze lero. Che Assane analimenyera nkhondo kuposa mabuku ena onse, ati bambo awo anagwirapo ntchito m'minda imene inajambulidwamo. Mayiyo anali ndi mulu wa masamba ake pansi pa beseni. Nditamufunsa kumene anawatenga anandiyang'ana moipidwa.

"Amabwera nawo okha, mana, mchemwali wanga. Ine ndifunse dzina la munthu aliyense wogulitsa mapepala?"

"Anali madala? A kofia?"

"Nada, ayi. Bambo wa jekete."

Mawu akuti wa jekete ndinawamva, koma sindinawalabadire. Ndinaganiza kuti wakuba wochenjera sapita yekha kumsika, amatuma. Ndinali wokwiya, ndipo pansi pa mkwiyowo ndinali wokondwa kuti ndawagwira. Chimenechi ndiye chimandichititsa manyazi kwambiri.

Lolemba m'mawa a Diretori anabwera ndi akomiti awiri. M'chipindamo munali owerenga angapo, ndipo palibe anaganiza zowatulutsa. Ndinaika pepala lija patebulo, madontho a mafuta a mtedza akuonekera.

"Papa Assane, pepala ili mukulidziwa?" anafunsa a Diretori.

Analitenga ndi manja awiri. Anayamba kulinunkhiza monga mwa chizolowezi, koma analekera panjira. Anayang'ana nambala ya tsamba, kenako m'mphepete mmene linang'ambidwa. Ndinkayembekezera bodza lina la inki yoyenda. M'malo mwake ndinaona munthu akukalamba ndikumuyang'ana. Anakhala pampando osauyang'ana kaye.

"Lonse?" anandifunsa ine. "Kapena tsamba lokhali?"

"Mulu wonse, Baba. Mukudziwa bwino. Munagulitsa ndinu, kapena munatuma."

"Dona, ine sindinagulitse."

"Nanga linatuluka bwanji m'thumba? Linayenda ngati inki? Uku n'kuba, ndipo inu ndinu wakuba!"

Ndinanena mokweza, owerenga onse akumva. A Diretori anati ngati pali wina amene anapatsidwa bukulo, amutchule, nkhani ithere pomwepo ndipo kiyi asungebe. Anawapempha kawiri. Che Assane anakana m'chinenero chawo, nati, "Ngwamba." Anapisa m'thumba la mkanjo, kutulutsa kiyi, n'kumuika pamwamba pa pepala la mtedza lija.

Pali chinthu china chimene chimandivuta. Ndimakumbukira kuti asananene kuti ngwamba anakweza maso n'kuyang'ana a Diretori, ndipo a Diretori anayang'ana pawindo. Koma mmodzi wa akomiti aja analinso ndi jekete, ndipo ndi kuzizira kwa mu Lichinga theka la amuna amavala majekete. Mwina kuyang'ana kumeneko ndinakuwonjezera ndine pambuyo pake, pofuna wina woti ndigawane naye mlandu. Sindikudziwa, ndipo sindikunamizira munthu.

Anapempha kuti tiwasiye okha pang'ono, atenge mkeka wawo woswalira, wopemphererapo, ndi kapu. Tinatuluka, koma ine ndinaima pawindo kuwazonda. Ndinawaona atagwada kukona ya kumapeto, pafupi ndi shelefu yomaliza, atandipatsa msana, mapewa akugwedezeka. Ndinaganiza kuti mwina akupemphera, mwina akubisa kanthu. Atafika pakhomo ndi kachikwama kawo, ndinatambasula dzanja. Anandiyang'ana, n'kutsegula okha. Munali mkeka, kapu, ndi kampeni kaja.

"Mwaphunzira ntchito, Dona Lista," anatero, n'kutsika masitepe.

Sanapondemonso. Mabuku otsala tinawatentha, atsopano tinawaika, ana anadzaza chipinda, ndipo bungwe linandisunga kuti ndiyang'anire. Zonse zimene ndinabwerera zinatheka. Che Assane ankadutsa pamsewu popita kumzikiti, tsidya linalo, osatembenuza mutu. Ndinapitako kamodzi kunyumba kwawo nditamva kuti akudwala chifuwa. Akazi awo, Abiti Mussa, anandilandira pakhonde, kundipatsa mpando, n'kundiuza kuti madala agona. Ndinkawamva akutsokomola m'nyumba, ndipo sikunali kutsokomola kwa munthu wogona. Ndikukhala pamenepo maso anga ankasuzumira pakhomo kufuna kuona ngati muli mabuku. Ndinapita kukazonda wodwala, koma ndinakazondanso nyumba.

Ndiye anamwalira, mabuku n'kuyamba kubwera. Pambuyo pa mayi wa ku Assumane kunafika telala wina ndi mapu aja, atawasunga m'pulasitiki. Kunafika mphunzitsi wopuma ndi mabuku awiri a malamulo. Buku la telegalamu linabwera panjinga yamoto. Onse ankanena zofanana: madala anawapatsa kuti asunge, asabwereketse, asauze munthu, mpaka iwo adzawaitanitse kapena adzamve kuti amwalira. Aliyense ankaganiza kuti ndi iye yekha. Anali anthu amene Che Assane anawanunkhiza mabuku kwa zaka zambiri osapeza fungo lolakwika. Mu tauni yonse, munthu wosakhulupirira shehe uja anasankha anthu ochepa oti awakhulupirire, ndipo mmodzi mwa iwo anakagulitsa buku la tirigu kwa wokazinga mtedza.

Wotsiriza anali mlimi wa ku Lione, bambo wamtali wa mabuti a matope. Anabweretsa buku lomangidwa ndi waya mopingasa, mfundo yake yopotedwa ndi pulayala. Linali la mankhwala a malungo lija, limene madalawo analiponya okha m'thumba.

"Anati ndisadzalitsegule, mayi. Ati lili ndi poizoni m'kati, koma si chifukwa choliphera. Ine sinatsegule, onani waya."

"Ndaona, bambo. Obrigada, zikomo."

Sanachoke. Anavula chipewa n'kumachizunguliza m'manja.

"Tsono dzina langa mufufute."

"Dzina lanu lili kuti?"

"Anati lili pansi pa shelefu yomaliza. Ati ndikadzabweza, alipo adzafufute. Ine sinifuna dzina langa likhale pamenepo ngati ndasunga cha eni."

Tinapita limodzi kukona kuja. Pansi pa shelefu yomaliza pali thabwa lotchinga fumbi, ndipo nditalikoka linachoka mosavuta, misomali yake inali yongonamizira. Kuseri kwake kunali timatabwa ta paini titaimikidwa mumzere, kalikonse ndi dzina la munthu ndi la buku, zolembedwa ndi pensulo m'zilembo zawo zazikulu zopendama. Munthu amene ankabisa mabuku kwa ine ndi kwa bungwe analephera kutulutsa buku ndi limodzi lomwe osaimika kathabwa. Ndinapeza ka mlimi uja, kubwereka mpeni wake womwe, n'kupala dzinalo iye akuona. Anavala chipewa chake n'kumapita.

Madzulo a tsiku lomwelo ndinafananiza timatabwato ndi mabuku amene anabwera. Kalikonse kanapeza buku lake. Kanatsala kamodzi. Pamwamba pake panalembedwa buku la tirigu, ndipo pamene panayenera kukhala dzina la munthu panali dzenje. Sikunali kupala kopepuka kwa masiku onse. Anakumba ndi kampeni mpaka kutsala pang'ono kuboola, ndipo tizipalo take tinali tikadali pansi pomwepo m'fumbi. Ndicho chimene ankachita atagwada tsiku lija, ine ndili pawindo kuwerengera zimene akuba.

Ndinalira, ndipo sindibisa. Koma ndisanamize owerenga kuti kulirako kunandiyeretsa mtima. Ndinatenga kathabwako kupita nako padzuwa, kukapendeketsa uku ndi uku, kufuna kuona ngati nsonga ya pensulo inasiya mkwasa. Ndinayesa kuyeza kutalika kwa dzenjelo ndi mayina a anthu amene ndikuwaganizira. Iwo anataya kiyi ndi mbiri yawo kuti dzina limenelo lisadziwike, ine ndikulisakabe. Ngakhale pamaliro, timatabwato ndisanatione, ndinakhala ndi amayi kunyumba, ndipo amuna akubwera kuchokera kumanda ndinkayang'ana majekete awo mmodzimmodzi. Pasadaka ndikudziwa kuti ndidzachitanso zomwezo. Sindikudziwa ngati anamukhululukira munthuyo, kapena ankangochita manyazi kuti iwo, Che Assane, ananyengedwa ngati mwana. Abiti Mussa nditawafunsa anati amuna awo sankakamba za kuntchito, ndipo nawonso sindinawakhulupirire kwenikweni.

A Diretori akuti mabuku obwererawo ali kale pa lista, atenthedwe monga mwa lamulo, ndipo akufunsa kawirikawiri ngati pali china chimene ndinapeza. Ndinawauza za timatabwa, koma za kamodzi kaja sindinawauze. Mabukuwo ali m'katoni pansi pa tebulo langa. Sindingawabwezere pashelefu, pakuti akadali otha ntchito monga analili, ndipo la waya lija silidzatsegulidwa ine ndili pano. Koma machesi sindinawagwire. Ndinawauza a Diretori kuti amene akufuna moto abwere adzakoleze yekha, ndipo mpaka lero sanabwere munthu.

Kukona ya kumapeto kulibe amene amakhalako. Ana amakonda kufupi ndi mawindo, kumene kuli mabuku a zithunzi ndi dzuwa. Mpando wa Che Assane wa chikopa cha mbuzi ulipobe, mwendo umodzi wopatsidwa kachidutswa ka katoni, ndipo pasimenti pakuoneka bwalo losalala pamene ankayala mkeka. Msomali umene ankapachikapo kofia yosinthira uli pakhoma wopanda kanthu. Chidebe cha madzi pakhomo ndinachisiya, ngakhale masiku ano palibe amene amalozeredwa.

Shelefu yomaliza ndi yokhayo imene mabuku atsopano sanafikepo. Ndinaipukuta, n'kuimikapo kathabwa kaja kokhakokha, dzenje lake litayang'ana kunja, poti lamulo la m'chipinda muno n'lakuti buku likatuluka osabwerera kathabwa kamaima pamalo pake. Tebulo langa ndinalitembenuza kuti ndizitha kuona kona imeneyo. Akuluakulu akalowa, makamaka amene ankawerenga muno kale, ndimawayang'ana ngati maso awo apita kumeneko, ndiponso ngati achokako msanga.

Dzulo kamtsikana ka kalasi yachitatu kanatola kathabwako n'kubwera nako kwa ine, kufunsa kuti buku limeneli anabwereka ndani, poti dzina silikuoneka. Ndinakauza kuti amene ankadziwa anapita nalo. Kanafunsa ngati lidzabwerere. Ndinati ayi, kabwezere pamene wakapeza.